Mapiri, Zigwa ndi Madambo: Mphamvu Zimene Zimaumba Dziko

Maonekedwe a pamwamba pa dziko, monga mapiri, zitunda, zidikha, zigwa, maphompho, nyanja ndi madambo, amachokera ku magulu awiri a mphamvu zimene zimagwira ntchito mosemphana ndiponso mosalekeza. Gulu loyamba limachokera m'kati mwenimweni mwa dziko, mmene muli kutentha koopsa kosungunula ndi miyala yomwe, ndipo ntchito yake ndi kutukula nthaka, kuing'amba kapena kuititimiza. Gulu lachiwiri ndi la kunja, lomwe ndi dzuwa, mvula, mitsinje, mafunde, mphepo ndi zamoyo, ndipo ilo limaperesa malo okwera n'kututa zimene laperesazo kukakwirira nazo malo otsika. Tsono phiri limaonetsa kuti pamalopo mphamvu zotukula kapena kulimba kwa mwala zikadali ndi mphamvu, pamene chidikha chimaonetsa kuti madzi ndi dzuwa zapeza nthawi yokwanira yosalaza zimene zinatukulidwa kale.

Dziko la Malawi, ngakhale ndi laling'ono, ndi malo abwino ophunzirirapo zimenezi chifukwa maonekedwe osiyanasiyana amapezeka moyandikana. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ili pamamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, umene akatswiri amayambirapo poyeza kukwera kwa malo, koma pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'dzikoli, m'boma la Nsanje, ndi pamamita 37 okha, chonsecho kutalikirana kwa malo awiriwa sikufika ndi makilomita 200 omwe.

Miyala ndi kulimba kwake

Mphamvu zonsezi zimagwira ntchito pa miyala, ndipo popeza miyala imasiyana kulimba, zotsatira zake zimasiyananso. Akatswiri amaigawa m'mitundu itatu potengera mmene inapangikira. Mtundu woyamba umachokera ku chiphalaphala, chomwe ndi mwala wosungunuka ndi kutentha kwa pansi pa dziko. Chiphalaphalacho chikazizira pang'onopang'ono chisanafike kunja, chimapanga miyala yolimba kwambiri yokhala ndi timiyala tonyezimira tooneka ndi maso, monga granite ndi syenite, koma chikatumphukira kunja n'kuzizira msanga chimapanga mwala wakuda wotchedwa basalt.

Mtundu wachiwiri ndi wa miyala yoyalana, imene imapangika pamene mchenga, matope ndi zotsalira za zomera kapena nyama zadikha pansi pa madzi n'kupanikizana kwa zaka mamiliyoni mpaka kuuma gwa. Malasha amene amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi ali m'gulu limeneli, chimodzimodzinso miyala ya ku Karonga mmene munapezeka mafupa a chinyama chamakedzana chotchedwa Malawisaurus. Mtundu wachitatu ndi wa miyala yosandulika, imene poyamba inali ya mitundu iwiri ija koma inasintha chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka. Wodziwika kwambiri mwa iyo ndi gneiss, mwala wa mizeremizere yoyera ndi yakuda, umene ndiwo maziko a mbali yaikulu ya Malawi, ndipo wambiri uli ndi zaka zoposa 500 miliyoni.

Chigwa chachikulu ndi nyanja ya Malawi

Gawo lakunja la dziko, limene anthu amapondapo, ndi lolimba koma si lathunthu, pakuti linagawikana m'zibenthu zikuluzikulu zimene zimasuntha pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha ndi yofewerapo ya m'kati. Kumene zibenthu ziwiri zimagundana, nthaka imakwinyika n'kutukuka, ndipo umu ndi mmene anapangikira mapiri a Himalaya ku Asia ndi a Alps ku Ulaya. Kumene zimatayana, nthaka imakokeka mpaka kung'ambika, ndipo mbali imene yatsala pakati pa ming'alu imatitimira n'kusanduka chigwa chachitali chokhala ndi mitsetse mbali zonse ziwiri. Izi ndi zimene zikuchitika kummawa kwa Africa, kumene gawo lina la kontinentiyi likupatukana ndi linzake ndi mamilimita ochepa chabe pachaka. Chigwa chimene chapangika chimayambira ku Ethiopia n'kutsika mpaka ku Mozambique, ndipo munthambi yake ya kumadzulo ndi mmene mwandandalikana nyanja za Albert, Edward, Kivu, Tanganyika, Rukwa ndi Malawi.

Nyanja ya Malawi ndi madzi amene anadzaza mbali yozama ya chigwachi. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 560, m'lifupi mwake imafika makilomita 75, ndipo pamalo ozama kwambiri ndi pafupifupi mamita 700. Popeza pamwamba pa madzi ake pali pamamita pafupifupi 474 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, ndiye kuti pansi pake penipeni ndi potsika kuposa mlingo umenewu ndi mamita oposa 200, chinthu chimene mtsinje uliwonse sukanatha kukumba, koma kutitimira kwa nthaka basi. Kutitimirako sikunachitike mofanana mbali zonse. Kumapeto a kumpoto, mng'alu waukulu uli kummawa, kumene mapiri a Livingstone a ku Tanzania amatsikira m'madzi mwachindunji, pamene kutsidya kwake kuli chidikha cha Karonga chimene chimalowa m'nyanja pang'onopang'ono. Kummwera pang'ono, cha ku Usisya ndi ku Nkhata Bay, zinthu zimatembenuka: mng'alu waukulu uli kumadzulo, mapiri amathera m'madzi, ndipo kumeneku ndi kumene nyanja inazama kopambana.

Mitsetse ya m'mbali mwa chigwachi imadziwika bwino kwa oyenda pamsewu. Msewu wokhotakhota wochokera ku Dedza kutsikira ku Golomoti, wochokera ku Blantyre kutsikira ku Thabwa m'boma la Chikwawa, wa ku Chiweta, ndiponso wokwera kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, umene uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, yonseyi imadutsa pamalo pamene nthaka inathyoka, mbali ina n'kutsika, ina n'kutsala m'mwamba. Umboni woti ntchitoyi sinathe ndi zivomerezi, zimene zimachitika pamene miyala ya m'mbali mwa mng'alu, itakanirirana kwa nthawi yaitali, yatsetsereka mwadzidzidzi. Chivomerezi cha ku Salima cha mu 1989 ndi zivomerezi zotsatizana za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri, ndipo mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika pafupifupi makilomita 100, ndi umodzi mwa imene akatswiri amaiyang'anitsitsa. Akasupe a madzi otentha, monga a ku Chiweta ndi a ku Mawira m'boma la Nkhotakota, ndi madzi amvula amene analowa pansi kwambiri, n'kutenthedwa, kenaka n'kubwerera kumtunda kudzera m'ming'alu yomweyo. Mapiri ophulika, amene amalavula chiphalaphala ndi phulusa, mulibe m'Malawi masiku ano, koma ali pafupi, m'dera la Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanjayi.

Mapiri otsalira ndi zidikha

Si phiri lililonse limene linachita kukankhidwira m'mwamba, pakuti ena ndi otsalira pamene miyala yofewa yowazungulira inatha kuperesedwa. Phiri la Mulanje ndi la mtundu umenewu. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo chiphalaphala chinakwera kuchokera pansi koma sichinabowole kunja, m'malo mwake chinazizira chikadali m'kati n'kusanduka chimwala chachikulu cha syenite ndi granite. Pazaka zonse zotsatira, mvula ndi mitsinje zinachotsa miyala imene inachikuta, mpaka chinaonekera poyera chitaima chokha pamwamba pa chidikha cha Phalombe. Mapiri a Zomba ndi Malosa anapangika mwa njira yofananayo, pamene chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa ndi phiri la Kangankunde ku Balaka ndi zotsalira za njira zimene chiphalaphala cha mtundu wina chinkadutsamo, n'chifukwa chake malo oterewa amakopa ofufuza miyala ya mtengo wapatali.

Kuti mwala uchotsedwe, umayenera kuyamba wasweka kapena kuvunda pamalo pomwe uli. Kusweka kumachitika m'njira zingapo. Mwala umene unapangika pansi pa katundu wolemera umafutukuka katunduyo akachoka, ndipo umang'aluka motsatira kunja kwake. Kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku kumawonjezera ming'aluyo, mpaka zibenthu zopyapyala zimasendeka n'kugwera m'tsinde. Umu ndi mmene amapangikira matanthwe osalala, obulungira pamwamba, monga khoma lalitali la Chambe paphiri la Mulanje. Mizu ya mitengo, makamaka ya mtundu wa kachere, imalowa m'ming'alu ikadali yaing'ono n'kumaikanula pamene ikukula. Kuvunda kwa mwala ndi ntchito ya madzi, amene akasakanikirana ndi mpweya komanso zinyalala zowola amakhala ndi asidi wochepa wotha kusungunula mbali zina za mwalawo n'kuzisandutsa dongo. M'madera otentha ndi amvula kuvundaku kumalowa pansi mamita makumi angapo, ndipo chitsulo cha m'mwalamo chimachita dzimbiri, chimene ndicho chimapatsa dothi la katondo kufiira kwake. Kumene mvula yakhala ikutsuka dothi kwa nthawi yaitali zedi kumatsalira bauxite, dothi lopangira aluminiyamu, ndipo lotere limapezeka pamwamba pa Mulanje cha ku Lichenya.

Chidikha cha Lilongwe ndi Kasungu, chimene chili pamamita apakati pa 1,000 ndi 1,200, ndi chipatso cha kuvunda ndi kuperesedwa kumene kwatenga zaka mamiliyoni ambiri. Apo ndi apo pamatumphuka mapiri oima paokha, monga Bunda, Nkhoma ndi Ngala, komanso Hora ku Mzimba, amene ndi mbali za mwala zimene zinali ndi ming'alu yochepa kotero kuti madzi analephera kuzivunditsa. Kumene ming'alu inali yopingasana, madzi anadya m'makona n'kusiya miyala yobulungira yosanjikizana, ndipo mapanga a pansi pa miyala yotere ndi amene anasunga zojambula zamakedzana za ku Chongoni m'boma la Dedza, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Mapiri athyathyathya pamwamba, monga Nyika ndi Viphya, ali ndi mbiri ina: ndi zidikha zakale zimene zinatukulidwa zathunthu, kotero kuti munthu akakwera pa Nyika, pamene nsonga ya Nganda imafika mamita oposa 2,600, amapeza zitunda zaudzu zotsetsereka pang'onopang'ono m'malo mwa nsonga zakuthwa.

Phiri likaima limayambanso kulamulira nyengo imene ikuliperesa. Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya India ikafika pa Mulanje imakakamizika kukwera, imazizira n'kugwetsa mvula kumbali ya kummwera ndi kummawa, kumene kuli minda ya tiyi ndiponso kumene chiperoni chimafikira poyamba, pamene mbali ya ku Phalombe imalandira mvula yocheperapo. Motero mbali imodzi ya phiri imakhala ndi mitsinje yambiri yosaphwa ndi dothi lakuya kuposa inzake.

Ntchito ya mitsinje

Mwa mphamvu zonse za kunja, madzi oyenda ndiwo amagwira ntchito yaikulu m'dera lino la Africa. Mtsinje umachita zinthu zitatu, zomwe ndi kukumba, kunyamula ndi kutula, ndipo chimene chimachuluka pa zitatuzi chimadalira liwiro la madzi. Kumtunda, kumene malo ndi otsetsereka kwambiri, mtsinje umakumba cholowa pansi n'kupanga makwawa opapatiza. Madzi paokha sakumba kwenikweni; chimene chimadya thanthwe ndi mchenga ndi nsangalabwi zimene madziwo atenga. Pamatanthwe a m'mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje, monga Likhubula, pamapezeka maenje obulungira osalala m'kati, ena ongokwana dzanja, ena oti munthu n'kukhalamo. Nsangalabwi ikakodwa m'kadzenje, madzi amaizunguza chaka ndi chaka ndipo imapera thanthwelo monga munsi umadyera mtondo, ndipo nthawi yachilimwe madzi akachepa, miyala yoperera ija imapezeka ili phee pansi pa dzenjelo, nayonso itasalala.

Mathithi amapangika pamene mtsinje wafika pamtsetse kapena pamene ukuchoka pamwala wolimba kupita pa wofewa. Mathithi a Manchewe pafupi ndi Livingstonia amagwa mamita oposa 100 kuchokera pamphepete pa chigwa chachikulu chija. Chifukwa chakuti madzi akugwa amakumba m'tsinde mpaka mlomo wa thanthwe kugumuka, mathithi amabwerera chakumtunda pang'onopang'ono n'kusiya phompho kumunsi kwake. Chitsanzo chomveka ndi mathithi a Victoria, otchedwanso Mosi-oa-Tunya, pamtsinje wa Zambezi pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, amene m'lifupi mwake ndi mamita pafupifupi 1,700. Kumeneko mtsinje umayenda pa basalt wokhala ndi ming'alu yodutsa chopingasa, ndipo maphompho okhotakhota a kumunsi kwake ndi malo amene mathithiwo analipo kale asanasunthire pamene ali lero.

Mtsinje wa Shire, wotalika pafupifupi makilomita 400, umene ndi wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, umaonetsa ntchito zitatu zija momveka, ngakhale kuti dongosolo lake ndi losiyana ndi la mitsinje yambiri, popeza umayamba mofatsa m'malo moyamba ndi liwiro. Kuchokera ku Mangochi, kudzera m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde mpaka ku Matope, umayenda pamalo osatsetsereka kwenikweni. Kuchokera ku Matope umatsika mamita pafupifupi 380 pamtunda wa makilomita pafupifupi 80, kudzera m'mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani ndi Kapichira komanso m'phompho la Mpatamanga. Mathithi a Kapichira ndi amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859, koma kutsika komweko ndi kumene kunachititsa kuti magetsi ambiri a dzikoli azipangidwa m'chigawo chimenechi, kuyambira pa Nkula mu 1966.

Ukafika ku Chikwawa, Shire umataya liwiro ndipo umayamba kutula katundu wake. Pachidikha mtsinje umayenda mokhotakhota, chifukwa pakona iliyonse madzi a kunja amathamanga n'kumagumula gombe, pamene a m'kati amafooka n'kusiya mchenga. Makonawo amakula mpaka awiri amakumana, mtsinje umadula njira yachidule, ndipo khwawa lakale limatsala ngati thawale lopindika. Kusuntha kotere kumabweretsa mavuto enieni pamtsinje wa Songwe, umene ndi malire a Malawi ndi Tanzania, pakuti munda umene unali tsidya lino umatha kupezeka tsidya linalo mvula ikatha. Madzi akasefukira amayala matope achonde pachidikha chonse, n'chifukwa chake chigwa cha Shire chili ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi madimba obereka bwino, komanso n'chifukwa chake chimamizidwa kawirikawiri, monga zinachitikira mu Januwale 2015. Pa Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire utasenza mchenga wochokera ku Mulanje, madzi a Shire amatsekerezeka n'kubwerera m'mbuyo, ndipo zimenezi zimathandiza kudzaza dambo lalikulu la Elephant Marsh. Kumathiriro a mitsinje yolowa m'nyanja, katundu yense wotsala amatulidwa n'kupanga nthaka yatsopano yolowerera m'madzi, monga zilili ku Dwangwa, kumenenso kumalimidwa nzimbe, ndi kumathiriro a Linthipe ku Salima.

Madambo, nyanja zosazama ndi magombe

Pazidikha za kumtunda mitsinje yambiri imayambira m'madambo. Dambo ndi chigwa chosazama chaudzu, chopanda mitengo, chimene nthawi zambiri sichikhala ndi khwawa looneka pakati pake. Limapangika pamene dongo losalala lokokoloka m'zitunda ladikha pamalo otsika n'kupanga dothi lakuda la makande, limene limamata nthawi yadzinja n'kung'aluka nthawi yachilimwe. Mitengo imalephera kumera chifukwa mizu yake imasowa mpweya m'dothi lodzaza madzi. Dambo limasunga madzi amvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, kotero kuti mitsinje monga Bua imayendabe miyezi yopanda mvula, ndipo alimi amapeza chinyezi cha madimba ndi msipu wa ziweto.

Nyanja ya Chilwa ndi yosiyana kotheratu ndi ya Malawi. Kuzama kwake ndi mamita ochepa chabe, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ngakhale imalandira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Kalekale inali yolumikizana ndi nyanja ya Chiuta, koma mtunda wautali wamchenga, umene mafunde ndi mphepo zinaunjika kumpoto kwake, unazilekanitsa. Popeza madzi amachoka mwa nthunzi yokha, mchere umene mitsinje imabweretsa umatsalira, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayi imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, komanso mbali yake yaikulu mu 2018.

Nayo nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika, chifukwa madzi ake ambiri amachoka mwa nthunzi ndipo Shire umangotengako gawo laling'ono. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika kwambiri mpaka mchenga ndi zomera zinatseka potulukira, ndipo Shire unaleka kulandira madzi a m'nyanjayi. Pofuna kuwongolera kayendedwe ka madziwa, pa Liwonde panamangidwa chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage mu 1965. Matope amene akatswiri anakumba pansi pa nyanjayi mu 2005 anaonetsa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo chilala chinatsitsa madzi ake ndi mamita mazana angapo. Kumbali ina, mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ndi madera ena.

Magombe amaumbidwa ndi mafunde. Mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kummwera chakummawa m'miyezi yozizira, imautsa mafunde amene amamenya malo otulukira m'madzi n'kusiya matanthwe okhaokha, pamene mchenga amakautula m'malo obisika monga ku Senga Bay ndi ku Chintheche. Mafunde akamafika chopendekera amakankhira mchenga m'mbali mwa gombe mpaka kupanga mtunda umene umatsekera madzi kumbuyo kwake, ndipo dziwe lalikulu la Chia m'boma la Nkhotakota, limene limalumikizana ndi nyanja kudzera pakamtsinje kopapatiza, lili kumbuyo kwa mtunda wotere. Mphepo payokha ili ndi gawo lochepa m'Malawi chifukwa zomera zimagwira nthaka, koma m'zipululu za Namib ndi Kalahari ndiyo imaunjika milu ikuluikulu ya mchenga. Madzi oundana, amene anakumba zigwa zambiri za ku Ulaya, mu Africa amangopezeka pansonga za mapiri ochepa, monga Kilimanjaro ndi Rwenzori.

Zigumukire

Ntchito zambiri zimene zafotokozedwazi zimayenda pang'onopang'ono kotero kuti munthu sangazione pamoyo wake, koma pamapiri otsetsereka ntchito ya zaka mazana imatha kuchitika usiku umodzi. Pamapiri a miyala yolimba dothi limakhala lopyapyala ndipo limangogona pamwamba pa thanthwe losalala. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, madzi amalowa mpaka pathanthwepo n'kulephera kupitirira, dothi limalemera, ndipo kugwirana kwake ndi mwala kumatha. Likangoyamba kutsetsereka limasakanikirana ndi madzi, mitengo ndi miyala ikuluikulu, n'kutsika m'khwawa ndi liwiro loti palibe angalithawe. Anthu a ku Zomba, Phalombe ndi Mulanje amatcha zoterezi napolo, ndipo mwa chikhulupiriro chakale amati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikusamukira kunyanja.

Napolo anawononga tauni ya Zomba mu Disembala 1946, ndipo mu Marichi 1991 zigumukire zochokera m'phiri la Michesi zinapha anthu mazana angapo ku Phalombe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Matope oterewa akafika m'tsinde mwa phiri amabalalika n'kuyala miyala ndi mchenga motambasuka kuchokera pakamwa pa khwawa. Malo amenewa amakopa anthu chifukwa ndi okwererapo, osadikha madzi ndiponso apafupi ndi mtsinje, koma miyala ikuluikulu imene ili mbwee m'minda ya pamenepo inabwera ndi zigumukire zakale, ndipo njira imene inadzera ikadali yotseguka.

Mbali ya munthu

Kukokoloka kwa nthaka ndi ntchito yachilengedwe, koma munthu amaifulumizitsa. Pansi pa nkhalango madontho a mvula amayamba agwera pamasamba ndi pazinyalala, n'kulowa m'nthaka pang'onopang'ono, pamene pamtunda wolambulidwa amamenya dothi mwachindunji, amatseka timabowo take, ndipo madzi amathamanga pamwamba atatenga dothi lachonde. Poyamba amachotsa dothi lopyapyala m'munda monse mosaonekera, kenaka amakumba timifuleni, ndipo timifulenito tikakumana timasanduka zigwembe, zimene zimakula chobwerera kumtunda monga amachitira mathithi. Njira za ng'ombe, mizere yolimidwa chotsika ndi ngalande za m'mbali mwa misewu ndi malo amene zigwembe zimakonda kuyambira. Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi nthambi za bungwe la United Nations anapeza kuti mu 2014 dzikoli linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pahekitala iliyonse pachaka, pamene kuti mwala uvunde n'kupanga dothi lokwana sentimita imodzi pamafunika zaka mazana.

Dothi lochoka kumtunda silisowa, limangosamukira kwina. Limakwirira madambo, limadzaza makwawa a mitsinje kotero kuti madzi amasefukira ndi mvula yochepa, ndipo limadikha m'madamu a Nkula ndi Kapichira, kumene limachepetsa madzi opangira magetsi ndipo limafuna ndalama zambiri kuti lichotsedwe. Njira zochepetsera vutoli zimatsamira pa mfundo imodzi, yofooketsa liwiro la madzi asanayambe kukumba: kulima mizere yopingasa motsatira akalozera, kubzala udzu wa vetiva, kutseka zigwembe ndi miyala zikadali zazing'ono, ndi kusiya mitengo, bango ndi nsenjere m'mbali mwa mitsinje.

Kudziwa mmene malo anapangikira kumathandiza kudziwa zimene zidzachitikepo, chifukwa mphamvu imene inaumba malo ndi yomweyo imene idzabwererepo. Chidikha cha m'mbali mwa mtsinje chinayalidwa ndi madzi osefukira ndipo chidzamizidwanso, tsinde la khwawa lotsika m'phiri lidzalandiranso miyala, gombe lamchenga lidzasuntha nyanja ikakwera, ndipo dera loyandikana ndi mng'alu lidzagwedezekanso. N'chifukwa chake posankha malo omangapo sukulu, mlatho, damu kapena mudzi watsopano, maonekedwe a malowo ndi mbiri imene akuluakulu a m'deralo amakumbukira ziyenera kufufuzidwa maziko asanakumbidwe.